Utsi Ukafuka Ndege Ili M'mwamba

Aliyense amene anakwerapo ndege pa bwalo la Kenneth Kaunda ku Lusaka n'kulowa m'chimbudzi ulendo uli mkati, anaonamo zinthu ziwiri zooneka ngati zikutsutsana. Pakhoma pali chizindikiro choletsa kusuta, koma pachitseko pomwepo pali kambale kachitsulo kozimirapo ndudu. Sikuti opanga ndege anaiwala kukachotsa ayi. Lamulo ndilo limafuna kuti kakhalepo, poti nkhutukumve sasowa pagulu, ndipo akabisala n'kuyatsa fodya, kuli bwino apeze pozimira kusiyana n'kuti aponye kotsalako m'bini yodzaza mapepala. Kambaleka kanalowa m'malamulo anthu 123 atafa. Pafupifupi chilichonse chimene ogwira ntchito m'ndege amachita utsi ukafuka chinabwera chomwecho, maliro atachitika kale.

Ndege zoyamba kunyamula anthu kuno ku Zambia zinali zosatsekeka kwenikweni. Mu 1932, kampani ya Imperial Airways itatsegula ulendo wochokera ku London mpaka ku Cape Town, ndege zake zinkatera ku Mpika ndi ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe. Mzinda wa Lusaka unali usanakhale likulu. Ulemu umenewo unabwera mu 1935, ndipo bwalo lake lakale la ndege ndi lija lili pafupi ndi Longacres, munthu akamalowera ku Kabulonga ndi ku Woodlands, limene tsopano lili m'manja mwa asilikali a m'mlengalenga. Ndege za masiku amenewo, ngakhalenso ma Dakota a Central African Airways amene anabwera nkhondo yachiwiri itatha, zinkauluka cham'munsi, mpweya wakunja ukulowa ndi kutuluka, ndipo ulendo unali wa tera apa, tera apo. Moto unalipo ndithu. Mu Malichi 1933 ndege ya Imperial Airways inayaka ili m'mwamba ku Belgium n'kupha anthu onse 15 amene anali m'menemo. Koma nzeru ya woyendetsa pa nthawi yotere inali imodzi yokha: yang'ana pansi, peza malo athyathyathya, tera.

Kenaka ndege zinayamba kukwera kumene mpweya ndi wochepa moti munthu sangapume. Ma Viscount amene Central African Airways inayamba kuulutsa mu 1956 anali otsekeka ponseponse, mpweya ukupoperedwa mkati ndi makina, ndipo majeti amene anatsatira anakweranso kuposa pamenepo. Ulendo unafupika, anthu anasiya kusanza ndi mabampu a m'mitambo, koma kutsika kuchokera pa makilomita 10 m'mwamba kufika pabwalo kunayamba kufuna mphindi zambiri, zimene moto supereka.

Mzinda wa Lusaka unalowa m'nyengo ya majeti pamodzi ndi ufulu. Zambia Airways inabadwa mu 1964 ili pansi pa Central African Airways, ndipo mu 1967 inaima payokha mothandizidwa ndi Alitalia ya ku Italy, chaka chomwe bwalo latsopano linatsegulidwa kupitirira Chelstone. Panabwera ma Boeing 707, akatswiri a Aer Lingus a ku Ireland, ndipo mu 1984 inafika DC-10 ija yotchedwa Nkwazi, imene inkapita ku London, pambuyo pake mpaka ku New York. Likulu la kampaniyo linali ku Ndeke House, ndipo ku Chelstone mpaka lero kuli dera limene anthu amangolitcha kuti Zambia Airways. Ntchito ya air hostess inali yosiririka kwabasi. Mtsikana wa ku Kabwata kapena ku Libala akaona yunifomu ija ankaona London, mafuta onunkhira ndi sutikesi yodzaza zakunja. Ochepa ndi amene ankalingalira kuti wovala yunifomuyo ndiye anali wozimitsa moto yekhayo kumwambako, pakati pa anthu amene ena mwa iwo ankasuta momasuka, pakuti fodya ankaloledwa ndipo panali mipando ya osuta. Maganizo oti otumikira m'ndege ndi operekera tiyi chabe sanathe mpaka pano, ndipo amandiwawa, chifukwa mbiri imene ikutsatirayi ndi ya iwowo kuposa wina aliyense.

Kuti timvetse chifukwa chake utsi umaopedwa kuposa malawi, tisapite kutali. Mu Juni ndi Julayi, chisanu chikalimba ku Lusaka, timamva za mabanja amene analowetsa mbaula kuchipinda, n'kutseka chitseko ndi mawindo, osadzukanso. Palibe chimene chinapsa. Makala anangotulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka ndi wosanunkha, umene umalanda malo a okosijeni m'magazi. Ndege ili m'mwamba ndi chipinda chotsekeka chomwecho, koma choipirapo n'chakuti zimene zimapsa ndi mapulasitiki, masiponji a mipando, makapeti ndi zokutira mawaya, ndipo zimenezi zimawonjezerapo poizoni wa cyanide. Utsi wake ndi wakuda bii, umayamba kudzaza kudenga n'kumatsika, umalasa m'maso, ndipo munthu akaukoka kangapo miyendo imafooka, mutu n'kusokonekera. Komanso moto wa m'ndege kawirikawiri umabisala kuseri kwa khoma, pansi pa mapazi kapena pamwamba pa denga, m'mene mumadutsa mawaya. Pomwe utsi ukuonekera, motowo umakhala utayenda kale.

Anthu 123 aja anafa pa 11 Julayi 1973, m'ndege ya Boeing 707 ya kampani ya Varig yochokera ku Rio de Janeiro, itatsala pang'ono kutera ku Paris. Moto unayambira m'chimbudzi chakumbuyo, ndipo ofufuza anakhulupirira kuti inali ndudu yoponyedwa m'bini. Otumikira anathamangirako ndi mabotolo ozimira moto koma sanapeze pamene motowo unali. Utsi unafika mpaka kwa oyendetsa, amene anatsegula timawindo tawo kuti aone kutsogolo, n'kuteretsa ndegeyo m'munda wa anyezi makilomita pafupifupi 5 kuti afike pabwalo la Orly. Anatera bwino ndithu, koma ambiri mwa okwera anali atakomoka kale pamipando yawo, malamba ali chimangire. Anapulumuka ndi anthu 11, ndipo mwa iwo wokwera anali mmodzi yekha. Kuletsa kusuta m'chimbudzi kunayambira apa. Kuletsa fodya m'ndege yonse kunachedwa zaka zina zambiri: bungwe la ICAO, loona za ndege padziko lonse, linagwirizana mu 1992 kuti pofika 1996 kusuta kukhale kutatha pa maulendo odutsa malire.

Ngozi ya ku Riyadh ya pa 19 Ogasiti 1980 ndi yovuta kuifotokoza mtima uli m'malo. Ndege ya Saudia itangouluka mphindi 7, belu linalira kuti m'chipinda cha katundu muli utsi. Oyendetsa anatha mphindi zoposa zinayi akufufuza ngati belulo likunena zoona, akufunafuna tsamba loyenera m'buku lawo. Anabwerera, anatera bwinobwino, ndipo m'malo moima pompo ndegeyo inapitiriza kuyenda pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa njira yake. Mainjini anakhalabe akulira, lamulo lakuti anthu atuluke silinaperekedwe, ndipo pamene opulumutsa anakwanitsa kutsegula chitseko panali patapita mphindi zoposa 20. Anthu onse 301 anafera mkati, ndege ili pansi, magalimoto ozimitsa moto ali pambali pake. Lero otumikira amaphunzitsidwa kuti ngozi ikakhala yoonekeratu, ndege itaima, ali ndi mphamvu yotsegula zitseko ndi kutulutsa anthu ngakhale kaputeni asanalankhule.

Ngozi imene inasintha kwambiri mkati mwa ndege zimene timakwera ndi ya Air Canada, ya pa 2 Juni 1983. Inali DC-9 yochokera ku Dallas kupita ku Toronto, itanyamula okwera 41 ndi ogwira ntchito 5. Poyamba mafyuzi a makina a chimbudzi chakumbuyo anazima okha, ndipo kaputeni anayesa kuwabwezeretsa, poganiza kuti ndi kavuto wamba. Patapita mphindi zingapo fungo linamveka. Wotumikira wina anatsegula chimbudzi, anaona utsi ukutuluka m'mipata ya khoma koma malawi osawaona, ndipo anapopera botolo lonse m'kachipindako. Utsi unaoneka ngati ukuchepa, uthenga unapita kutsogolo kuti zinthu zikukhala bwino, ndipo ndege inapitiriza ulendo pamene moto unali kukwawa pamwamba pa denga. Pomwe anaganiza zotsika, magetsi anali atayamba kufa. Otumikira anachita zimene zinapulumutsa ambiri: anasamutsira anthu kutsogolo, anagawa matawulo onyowa kuti azipumiramo, ndipo anaonetsa okwera ena katsegulidwe ka zitseko za pamapiko. Kaputeni Donald Cameron anaiteretsa ku Cincinnati ali pafupi kukomoka. Zitseko zitatseguka mpweya watsopano unalowa, ndipo pasanathe masekondi 90 mkati monse munangoti lawilawi. Anthu 23 sanatuluke, ndipo ena anapezeka atapitirira khomo lotulukira chifukwa mumdima wa utsi sanalione.

Timagetsi tija tili pansi m'mbali mwa kanjira kapakati, timene wotumikira amatiloza ndege isananyamuke, tinachokera pamenepa, chifukwa utsi umaphimba nyale zakumwamba pamene pansi pamatsala kampata koonekera. Panachokeranso kachipangizo konunkhiza utsi m'chimbudzi chilichonse, kabotolo kozimitsa kokha kamene kali pamwamba pa bini, nsalu zosagwira moto msanga zokutira masiponji a mipando, ndi chipewa chovala kumutu konse chimene chimapatsa wotumikira mpweya kwa mphindi zosachepera 15. Patangopita zaka ziwiri, mu Ogasiti 1985, anthu 55 anafa ku Manchester m'ndege imene inali isanachoke n'komwe pansi, ambiri ndi utsi, atapanikizana pa timakomo topapatiza, ndipo malo a pafupi ndi makomo otulukira anakulitsidwa.

Kum'mwera kwa Africa kuno, ndege imene ikatchulidwa anthu a ntchitoyi amakhala chete ndi Helderberg. Inali Boeing 747 ya South African Airways, ya mtundu umene unkanyamula anthu kutsogolo ndi katundu kumbuyo pa nsanja imodzimodzi, pakati pali khoma chabe. Inachoka ku Taipei kupita ku Johannesburg kudzera ku Mauritius, ndipo m'bandakucha wa pa 28 Novembala 1987, itauluka maola oposa 9, Kaputeni Dawie Uys anauza a pabwalo la ku Mauritius kuti m'ndege muli utsi ndipo akutsika mwachangu. Pansi pawo panali nyanja yokhayokha. Ndegeyo inagwera m'madzi makilomita oposa 200 kuti ifike pachilumbacho, ndipo anthu onse 159 anafa. Kabokosi kojambula mawu a oyendetsa kanavuulidwa pansi pa nyanja yakuya mamita pafupifupi 4,900. Mwa zinthu zimene zinapezeka panali botolo lozimira moto lowauka, chizindikiro chakuti wina mwa ogwira ntchito analowa kuchipinda cha katundu kukalimbana nawo. Ndimamuganizira munthu ameneyo: kanjira kopapatiza pakati pa milu ya katundu yoposa msinkhu wake, kutentha kosungunula chitsulo, iye atanyamula botolo limodzi.

Bungwe lofufuza lotsogoleredwa ndi woweruza Cecil Margo linapeza pamene moto unayambira koma silinatchule chimene chinauyatsa. Popeza inali nthawi ya tsankho, dziko la South Africa litaletsedwa kugula zida, mphekesera zakuti munali katundu wa nkhondo sizinathe, ndipo nkhaniyi inakafika mpaka ku bungwe la choonadi ndi chiyanjano mu 1998. Koma kwa anthu a ndege phunziro linali lomveka kale. Kudalira kuti munthu alowa m'chipinda chachikulu cha katundu n'kuzimitsa moto ndi manja kunali kudzinamiza, ndipo malamulo a ndege za mtundu umenewu anakhwimitsidwa.

Pali phunziro lina limene silikhudza zipangizo, ndipo ndilo limatikhudza kwambiri ife amene tinaleredwa kuti wamkulu salakwa. Pa 8 Januwale 1989, Boeing 737 ya British Midland yochokera ku London kupita ku Belfast inayamba kunjenjemera, fungo la utsi n'kudzaza mkati. Injini yakumanzere inali itathyoka tsamba. Oyendetsa, amene ali pamipando yawo sangaone mainjini, anaganiza kuti yovuta ndi yakumanja n'kuizimitsa. Kaputeni analengeza kwa onse kuti injini yakumanja ndiyo yavuta. Okwera ambiri, ndi otumikira ena amene anali kumbuyo, anali ataona malawi akutuluka kumanzere. Ena mwa okwerawo anamva chilengezocho n'kudabwa, koma palibe amene anafikitsa mawu kutsogolo, poganiza kuti akuluakulu akudziwa chimene akuchita. Injini yodwalayo inafa ndege ikuyandikira bwalo, ndipo inagwera m'mbali mwa msewu waukulu pa Kegworth. Anafa ndi anthu 47.

Munthu wa ku Lusaka sangamve nkhani imeneyi osakumbuka Gabon. Usiku wa pa 27 Epulo 1993, ndege ya asilikali ya mtundu wa Buffalo, itanyamula timu ya mpira ya dziko la Zambia kupita ku Dakar kukasewera ndi Senegal, inanyamuka ku Libreville itamwa mafuta. Masiku awiri m'mbuyomo anyamatawo anali atagonjetsa Mauritius 3 kwa 0 kwawo komweko. Lipoti la boma la Gabon, limene linatuluka patapita zaka 10, mu 2003, linati injini yakumanzere inagwira moto, ndipo woyendetsa, amene anali wotopa ndi ulendo wa ku Mauritius komanso anasokonezedwa ndi kanyale kochenjeza kolakwika, anazimitsa yakumanja. Ndegeyo inagwera m'nyanja mamita pafupifupi 500 kuchokera kumtunda. Anthu 30 anafa, mwa iwo osewera 18, mphunzitsi Godfrey Chitalu ndi womuthandiza Alex Chola, ndipo anagona pafupi ndi bwalo la Independence, kumene mabanja awo amasonkhana chaka ndi chaka mwezi wa Epulo ukamatha. Uwu unali moto wa injini, osati utsi wa mkati, ndipo sindikuti wina m'ndegemo akanatha kusintha zinthu m'masekondi ochepa amene analipo. Chimene ngozi ziwirizi zikuonetsa n'chakuti moto ukabuka, woyendetsa wodziwa ntchito yake akhoza kugwira chogwirira cholakwika. N'chifukwa chake lero injini sizimitsidwa mpaka oyendetsa onse awiri atatsimikizirana pakamwa kuti ndi imeneyi, ndipo makampani ambiri amaphunzitsa oyendetsa ndi otumikira m'kalasi imodzi, kuti mtsikana amene wayamba ntchito mwezi watha azolowere kunyamula foni n'kuuza kaputeni wa imvi kuti, "Bwana, ine ndikuona moto kumanzere." Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ulemu umene umatseka pakamwa pa nthawi yotere suyenera kutchedwa ulemu.

Zambia Airways yoyamba inatsekedwa mu Disembala 1994, kotero phunziro lomaliza lalikulu linabwera iyo kulibe. Pa 2 Seputembala 1998, oyendetsa ndege ya Swissair yochokera ku New York kupita ku Geneva anamva kafungo kachilendo, ndipo poyamba anaganiza kuti kakuchokera ku makina a mpweya. Anatembenukira ku Halifax, anayamba kutsatira mndandanda wautali wofufuzira gwero la utsi, ndipo anapatukira kunyanja kuti akataye mafuta. Kuchokera pa kafungo kaja mpaka ndege kugwa panadutsa mphindi pafupifupi 21, ndipo anthu 229 anafa. Ofufuza a ku Canada ananena mosabisa kuti ngakhale akanalunjika kubwalo nthawi yomweyo sakanafika, chifukwa moto unali utagwira zokutira za pamwamba pa denga, zimene zinapezeka kuti zimayaka. Koma atawerengera ngozi za moto za zaka 30 zam'mbuyo anapeza kuti nthawi yochokera pozindikira moto mpaka ndege kugwa kapena kutera mokakamizika inali pakati pa mphindi 5 ndi 35, ndipo pakatikati pake panali mphindi 17. Mabuku a oyendetsa analembedwanso. Kuyambira cha m'ma 2005 mzere woyamba pa tsamba la utsi umakumbutsa kuti kupatuka kungafunike, ndipo kufufuza gwero kumachitika ndege ikutsika kale. Nzeru ya woyendetsa wa ku Mpika wa mu 1932 inabwerera, itasochera zaka zambiri m'masamba a mabuku.

Nanga lero, utsi ukafuka m'ndege yochoka ku Lusaka kupita ku Johannesburg, Addis Ababa kapena Dubai, chimachitika n'chiyani? Wotumikira amene wauona poyamba ndiye amakhala wozimitsa. Sathamanga kukafuna mkulu wake, amaitana mnzake ali pomwepo n'kutenga botolo. Wachiwiri amanyamula foni ya mkati n'kukhala pakamwa pa gululo, kuuza oyendetsa zimene maso akuona: utsi uli pati, ndi wa mtundu wanji, ukununkha ngati waya kapena ngati pepala, mabotolo angati atha. Saloledwa kukometsera nkhani, chifukwa mawu akuti "ukuchepa" ndiwo anachedwetsa ndege ya Air Canada. Wachitatu amabweretsa mabotolo ena, zipewa za mpweya, magolovesi ndi nkhwangwa kapena chitsulo chokanulira khoma, ali wokonzeka kulowa m'malo mwa woyamba akafooka. Otsala amasamutsa anthu, amachotsa mabotolo a okosijeni pafupi ndi moto, ndi kuuza onse kuti aweramitse mitu n'kumapumira m'nsalu yonyowa.

Chitseko cha chimbudzi amayamba achikhudza ndi kuseri kwa dzanja, kuti ngati chatentha asapse chikhatho chimene akufuna kugwirira ntchito. Chikakhala chotentha amangochitsegula kampata kolowa kamlomo ka botolo, n'kupopera, n'kutsekanso. Mankhwala a halon amene ali m'mabotolo ambiri amazimitsa malawi mwachangu koma botolo limatha m'masekondi pafupifupi 10, ndipo saziziritsa, choncho pa mapepala ndi nsalu amatsatiza madzi. Utsi ukamatuluka mu uvuni wotenthetsera chakudya, umene ndi gwero lofala kwambiri, amazimitsa magetsi ake n'kusiya chitseko chili chotseka. Fyuzi ikazima yokha saibwezeretsa. Ndipo timasiki tija timagwa kuchokera kudenga satitsitsa chifukwa cha utsi, ngakhale okwera akuwe motani, pakuti timasakaniza okosijeni ndi mpweya wa m'ndege womwewo, kotero sititeteza ku utsi koma tingathe kudyetsa moto.

Kutsogolo oyendetsa amayamba ndi kuvala masiki awo, amene amaphimba ndi maso omwe, asanachite china chilichonse. Mmodzi amayendetsa ndi kulankhula ndi a pansi, winayo amawerenga mndandanda, kuzimitsa mafani ozunguza mpweya ndi magetsi osafunika monga a makanema ndi a kukhitchini. Amasankha bwalo lapafupi, osati lowakomera: kaya ndi Ndola, Livingstone, Harare kapena Lilongwe. Ndege ikalemera kuposa mlingo wotera nawo, amatera nayo choncho. Akaima, ndege yonse iyenera kukhala itakhuthuka m'masekondi 90 ngakhale theka la zitseko litakanika, ndipo ndege yaikulu ya mtundu watsopano siloledwa kunyamula anthu isanaonetse kuti izi n'zotheka. Munthu amene amaima pakanjira kuti atsitse chikwama chake pa nthawi yotere amaba masekondi a amene ali kumbuyo kwake.

Zonsezi zimagwira ntchito pokhapokha pali wina woonetsetsa kuti maphunziro akubwerezedwa ndipo mabotolo ndi odzaza. Apa Zambia inadutsa m'nyengo yochititsa manyazi: mu 2009 mayiko a European Union analetsa ndege zonse za makampani a ku Zambia kulowa kwawo chifukwa kuyang'anira kunali kofooka. Lamulo la mu 2012 linakhazikitsa bungwe loima palokha loona za ndege, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 2016. Dzina la Zambia Airways linabwereranso m'mwamba mu Disembala 2021, mogwirizana ndi Ethiopian Airlines, pambali pa Proflight imene yakhala ikuuluka kuyambira mu 1991. Pabwalo la Kenneth Kaunda pomwepo pali sukulu ya ZASTI, imene mwa ena imaphunzitsa ozimitsa moto a pabwalo la ndege, aja amathamangira ndege ikatera ndi utsi.

Ndudu itachoka, malo ake anatengedwa ndi batire. Mabatire a lithium a m'mafoni, m'malaputopu ndi m'ma power bank akaphwanyika kapena akakhala achinyengo amatentha okha kuchokera mkati, kachigawo kamodzi n'kuyatsa kanzake, ndipo amatulutsa utsi woyera wokhuthala asanaphulike. Mu 2010 ndege ya katundu ya UPS inagwa ku Dubai utsi utadzaza mpaka oyendetsa osaona mawotchi awo, ndipo munali mabatire ambirimbiri. Mu 2016 foni ya Galaxy Note 7 inaletsedwa m'ndege. Mu Januwale 2025 ndege ya Air Busan inapsa ku South Korea isananyamuke, moto utayambira m'kabati ya pamwamba pa mipando, ndipo anthu onse 176 anatuluka amoyo.

Nkhani imeneyi ndi ya ku Lusaka kwenikweni. Chilala cha mu 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, ku Kabulonga ndi ku Kabwata chimodzimodzi, ndipo power bank inasanduka chinthu cha m'thumba la aliyense. Zambiri zimagulidwa pa mabenchi a mumsewu wa Cairo, ku City Market ndi ku Kamwala, zina zopanda dzina la wopanga, zina zolembedwa mphamvu imene zilibe. Zimenezi ndizo zimakwera ndege. Pamene wa pakauntala akufunsa ngati muli batire m'sutikesi yopita pansi, sakufuna kukuvutitsani. Batire lapadera liyenera kukhala m'chikwama cha m'manja, chifukwa likayaka m'kati mwa anthu pali mphuno yolinunkhiza ndi dzanja lolifikira, pamene kuchipinda cha katundu kulibe. Loposa ma watt-hour 100 limafuna chilolezo cha kampani, loposa 160 silikwera n'komwe, ndipo Emirates, imene imatera ku Lusaka, inaletsa kugwiritsa ntchito power bank ulendo uli mkati kuyambira Okutobala 2025.

Batire likayamba kufuka, wotumikira amazimitsa malawi ndi botolo, kenaka amathira madzi, juwisi kapena chakumwa chilichonse chosaledzeretsa, mobwerezabwereza, chifukwa chofunika ndi kuziziritsa zigawo zimene sizinagwire moto. Saliphimba ndi bulangete kapena madzi oundana, poti zimenezo zimatsekera kutentha mkati. Foni ikagwera m'mphako ya mpando, mwiniwake amauzidwa kuti asasunthe mpandowo, aitane wotumikira, chifukwa zitsulo za mpando zimatha kuphwanya batire. Likazizira amalinyamula ndi magolovesi n'kulimiza m'chidebe cha madzi, kawirikawiri bini ya m'chimbudzi imene aikhuthula, n'kutseka chimbudzicho. Wina amapatsidwa ntchito yokaliyang'ana pafupipafupi mpaka ndege itatera, ndipo amalipereka kwa ozimitsa moto a pabwalo lidakali m'madzi momwemo.